Tsiku Limene Ndinapha Limbani pa Wailesi

Tamanda ndi Yohane, ana anga, mutu uno ndaulemba n'kuung'amba kawiri konse. Amayi anu akuti ndiusiye, ati munthu wopuma pa ntchito azilemba zosangalatsa. Koma mwakhala mukundifunsa chimene chinathetsa pulogalamu yathu ya Lamulungu, ndipo nthawi zonse ndimakuyankhani kuti ndinatopa. Sindinatope ayi. Mayina ena ndasintha, chifukwa mwini nkhani akadali muno mu Joni, ndipo mtima umandigunda ndikaganiza kuti pepala lino likhoza kugwera m'manja olakwika.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa windo la mauthenga ku wailesi, masiku amene dziko lonse linkamvera wailesi imodzi. Anthu ankabwera ndi mauthenga a maliro olembedwa pa timapepala tothothola mu kope la mwana wasukulu, ine n'kuwalembanso bwino kuti wowerenga asapunthwe. Pa windo limenelo ndinaphunzira chinthu chimene chakhala chikundiopsa moyo wanga wonse. Munthu wa kwathu akhoza kutsutsa abusa, akhoza kukayikira dokotala, koma wailesi ikanena, nkhani yatha. Ndinkaona amayi akulira pa windo pomwepo, koma ankati maliro sanayambe mpaka dzina litamveka madzulo. Kuyambira pamenepo dzina la munthu ndinkaliwerenga katatu ndisanalipereke, ndipo anzanga ankandiseka kuti ndimagwira pepala ngati dzira.

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri

Mawailesi atayamba kuchuluka, kunakhazikitsidwa ofesi yowayang'anira, ndipo ndinasamukira kumeneko. Dzina la udindo wanga linali lalitali, koma ntchito yake inali kumvetsera basi. Anandipatsa chipinda chopanda windo, mawailesi angapo patebulo, ndi mahedifoni akufa khutu limodzi. Ndinkamvetsera tsiku lonse n'kumalemba chilichonse chosemphana ndi laisensi ya wailesiyo: kutukwana, kunyoza mtundu wa anthu, kupatsa mbali imodzi nthawi yochuluka pa nkhani za ndale. Makaseti anali osowa, choncho tinkajambula pamwamba pa akale, ndipo umboni wa Lolemba unkafufutidwa ndi nyimbo za Lachinayi. Magetsi akathima tinkabwereka mabatire mu tochi ya mlonda. Chodalirika chinali cholembera ndi khutu langa.

Bwana wanga anali a Chitsulo, munthu wamfupi, waukhondo, wamantha kuposa ine ndemwe. Buku lathu la malamulo linatengedwa ku mayiko akuluakulu, kumene wailesi iliyonse ili ndi maloya ake, pomwe ife tinkalitumiza kwa munthu amene anali manijala, muulutsi ndiponso wosesa pa wailesi yakeyo. Vuto lina la dziko laling'ono n'lakuti aliyense ndi mlamu wa wina. Ukalemba lipoti m'mawa, pofika masana mwini wailesi waimbira kale foni munthu amene anaphunzira naye sekondale, ndipo fayilo yachinsinsi yawerengedwa kale ndi maofesi atatu. A Chitsulo foni ikalira ankayamba aimirira, n'kukonza tayi, kenako kuyankha. Koma pa ntchito yanga sanandigwedeze. Tsiku lina anandiuza mawu amene ndinakhala nawo mpaka kupuma.

“A Mbewe, chimene sichinamveke pa wailesi sichinachitike. Koma chimene chamveka, lembani, ngakhale atanena ndi bambo anu okubalani.”

Chaka china wailesi ina yaing'ono inaulutsa maliro a munthu wamoyo. Anali anyamata olimbirana mkazi, wina n'kuganiza zomuphera mnzake pa wailesi. A Chitsulo anandiuza kuti ndilembe lamulo, ndipo ndinalemba ndi dzanja langa ndime zitatu. Uthenga wa maliro usawerengedwe popanda kalata ya chipatala kapena ya polisi yokhala ndi chidindo. Dzina liwerengedwe monga lilili pa kalatayo. Wailesi isunge kalatayo ndi kuipereka ofesi ikaifuna. Ndinanyadira lamulo limeneli kuposa mendulo, ndipo amayi anu angakuuzeni kuti ndinkaliwerengera ngakhale alendo obwera kudzacheza.

Zaka zanga zomaliza anandipatsa wothandizana naye, mayi wina wotchedwa Esnati, wophunzira kuposa ine. Ndinamuvutitsa kwambiri. Akasiya liwu limodzi polemba zimene wamva, ndinkamubwezera pepala kuti ayambirenso. Analira kawiri, koma pamene ndinkapuma anali atafika poti ngakhale chifuwa cha muulutsi ankachilemba.

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, kudza chimodzi

Tamanda, iwe ndiwe unatiitanira kuno ku Joni kuti amayi ako azionana ndi madokotala, ndipo unatipezera fulati ku Berea. Miyezi yoyamba ndinkangokhala pa windo ngati mphaka, kuopa kutuluka. Amene anandichotsa pamenepo ndi Che Jafali, bambo a ku Mangochi a shopu ya pansi pa fulati yathu, ogulitsa usipa, nandolo ndi mpunga wa kwathu. Kuseri kwa shopuyo anali ndi kachipinda kokhomedwa mathireyi a mazira m'makoma, muli kompyuta ndi maikolofoni imodzi. Ankaulutsa pa intaneti nyimbo ndi moni, anthu athu n'kumamvera pa mafoni. Loto lawo linali loti ola limodzi Lamulungu lililonse lizimvekanso pa wailesi ya m'dera kumwera kwathu, yoyendetsedwa ndi a Kamwendo, kuti agogo opanda foni yamakono azimva ana awo. Ofesi yanga yakale inawakanira kawiri, ati mawu ochokera kunja kwa dziko sangalowe mwachindunji popanda wowayang'anira. Kachitatu analembapo dzina langa.

Chilolezo chinabwera, koma chinali chomangidwa m'chiuno. Ndale ayi. Lamulo la maliro litsatidwe monga lilili. Kulakwa kamodzi, pulogalamu yatsekedwa, popanda chenjezo. Amene ankatimvetsera kumeneko anali Esnati, yemwe tsopano anali mkulu wa chipinda chija. Kunena zoona, zaka zitatu zimene pulogalamuyo inayenda sindinadyepo bwino Lamulungu. Munthu akaimba foni n'kungoyamba kuti boma lathu, chala changa chinali chitadula kale. Che Jafali ankandiseka kuti anafuna muulutsi koma anapeza wapolisi. Koma ndinkaona chimene ola limenelo linali kwa anthu. Anyamata a m'magadeni ku Fourways ankakwera matekisi awiri kudzangonena kuti amayi ndili bwino, mbuzi ija musagulitse. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za mabwana ankabwera atatchena ngati akupita ku ukwati, pomwe pa wailesi palibe wowaona.

Lamulungu lija

Kunali kozizira, mwezi wa Juni. Kutatsala mphindi makumi awiri kuti tiyambe, kunalowa amuna atatu ochokera ku Zandspruit, zipewa zili m'manja. Anati mnzawo wa pa ntchito yomanga anagwa kuchokera pamwamba Lachisanu ndipo wamwalirira kuchipatala. Abale ake muno sankawadziwa, nambala ya kumudzi analibe, foni yake inaphwanyika pogwapo. Ankadziwa dzina ndi mudzi basi. Ndinapempha kalata, anandipatsa. Chidindo chinalipo, siginecha inalipo, dzina linali Limbani Sato. Ndinawafunsa ngati ankamudziwa ndi dzina lomweli, onse atatu anavomera kuti chaka chathunthu akhala akumuitana Limbani. Mtima unandiuza kuti mwambo wake n'kuyamba kuuza akuluakulu a banja, mayi asamvere pa wailesi. Koma nambala panalibe, mtembo unali kudikira, ndipo pepala linali langwiro. Ndinawerenga dzinalo katatu chamumtima monga mwa chizolowezi changa, kenako ndinaliwerengera dziko.

Dzuwa lisanalowe, tikutseka shopu, kunabwera mwamuna wamtali wovala ovolosi yobiriwira, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kuzizira. Anafunsa kuti anawerenga maliro ndani. Nditadziloza, anakhala pa thumba la mpunga.

“Abambo, Limbani Sato ndine. Ndamva ndekha pa foni ndikuthirira maluwa.”

Anafotokoza mwapang'onopang'ono, akuyang'ana kuchitseko. Iye anali ndi mapepala abwino, ndipo bwana wake wa ku Fourways anamudziwa kalekale moti sankawafunsanso. Msuweni wake Daitoni atabwera wopanda pemiti, Limbani anamubwereka mapepalawo kuti alembedwe ntchito yomanga. Ambiri amachita zimenezi muno, ndipo ndinali nditamvapo, koma ine munthu wa chidindo sindinaganizepo kuti chidindo chikhoza kunena zoona za imfa n'kunama za dzina. Wakufayo anali Daitoni. Anzake aja sananame, ankadziwa dzina la pa pepala lokha.

Limbani anali ataimba kale kumudzi. Amayi ake anakomoka atamva uthengawo, ndipo atawapatsa foni anakana kuti si mwana wawo, ati abale apeza munthu wa mawu ofanana kuti awatonthoze. Pasiwa anthu anali atadzaza kale. Chimene chinandithyola mafupa n'chakuti mkazi wa Daitoni anali pomwepo, akutunga madzi ndi kulira mlamu wake, osadziwa kuti wamasiye ndi iyeyo.

Lolemba

M'mawa ndinaimbira a Kamwendo. Anandiuza nzeru imene ine ndemwe ndikanapereka ndikanakhala pa mpando wawo. Anati titume munthu wa njinga kumudziko akafotokoze mwakachetechete, pa wailesi tisanenepo kanthu. Ku ofesi anamva uthenga wa maliro wokhala ndi kalata, basi. Tikapanda kukonza pa wailesi, palibe cholakwa chimene chachitika. Anali mawu a a Chitsulo enieni, ndipo ndinawalandira ndi manja awiri. Che Jafali nawo anandigwira mkono, ati a Mbewe, zaka zitatu zimenezi tisazitaye, anthu onsewa adzalankhulira kuti? Ndinavomera. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti bambo anu poyamba anasankha kubisa.

Wa njinga uja atafika, akuluakulu a kumudziko anapita, mkazi wa Daitoni anauzidwa mwamwambo, maliro anasamukira kunyumba yake. Koma masana Limbani anabweranso, maso ali ofiira, n'kundipatsa foni kuti ndilankhule ndi amalume ake. Mkuluyo sanakalipe. Anati abale a kutali akubwerabe ndi dzina la Limbani pakamwa, a kwa Daitoni amene ali kutali sakudziwa kanthu, ndipo mlongo wake, mayi wa Limbani, wakana chakudya ndi madzi omwe. Kenako anandipatsa mayiyo. Mawu awo anali otsika, ndinachita kutseka khutu linalo.

“Ndinu a wailesi? Mwana wanga munamutengera pa wailesi. Ngati alidi moyo, mundibwezere pomwepo.”

Ndinakwera masitepe a fulati ndikupumira pa nsanjika iliyonse. Amayi anu anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndadwala. Nditawafotokozera, anangoti, “Ndiye mukudikira chiyani?” Ndinawakalipira kuti sadziwa malamulo, iwo n'kupitiriza kusita zovala zawo.

Lachiwiri

A Kamwendo anandipatsa mphindi zitatu masana, atanenetsa kuti ndilankhule ndekha ndi mawu anga, iwo asatchulidwe. Che Jafali anayatsa makina osandiyang'ana. Pepala linandigwa, ndinalitola n'kuliika patebulo. Ndinati ndine Mbewe wa pulogalamu ya ku Joni, uthenga umene ndinawerenga Lamulungu unali wolakwika, Limbani Sato ali moyo ndipo ali pambali panga, amene watisiya ndi Daitoni msuweni wake, ndipo cholakwacho ndi changa. Za mapepala sindinatchule. Kenako ndinamusunthira maikolofoni Limbani. Anangoti, “Amayi, ndine,” n'kulephera kupitiriza. Amalume aja anatiuza pambuyo pake kuti mayiyo anali atagwira wailesi ndi manja onse awiri, ndipo atamva anapempha madzi akumwa.

Ndikulankhula choncho, ndinkaona m'maganizo chipinda chopanda windo chija, ndi cholembera chikuyenda.

Sabata yotsatira

Foni ya Esnati inabwera Lachinayi m'mawa. Anandipatsa moni wonse, kufunsa za amayi anu ndi za kuzizira kwa kuno, kenako anatsokomola.

“Abwana, nkhaniyi ndi yosavuta. Ngati munawerenga dzina monga linalili pa kalata, inu simunalakwe. Tumizani kalatayo, ndiyika mu fayilo, pulogalamu ipitirira.”

Kalatayo inali m'thumba la jekete langa. Ndinkaimva pachifuwa. Inali yokwanira kunditsuka ine, Che Jafali ndi a Kamwendo, chifukwa ndinatsata lamulo langa ndime ndi ndime. Koma aliyense woiwerenga pamodzi ndi mawu anga a Lachiwiri akanafunsa funso limodzi: dzina la munthu wamoyo linafika bwanji pa kalata ya wakufa? Ndipo ine mafayilo a ofesi ija ndimawadziwa mayendedwe ake. Esnati ndinkamukhulupirira, koma fayilo sikhala ndi munthu mmodzi. Ikanadutsa matebulo angapo, wina n'kuuza mlamu wake, nkhani n'kuwoloka malire. Limbani akanataya mapepala, ntchito, mwinanso kumangidwa, pomwe tsopano ana a Daitoni anali kuyang'ana kwa iye. Mwina sizikanachitika. Mpaka lero sindidziwa, ndipo kusadziwako n'kumene kumandidya. Ndinapempha tsiku limodzi loti ndiganize.

Ndinapita kwa Che Jafali n'kuwauza zonse, chifukwa pulogalamuyo inali yawo kuposa ine. Anakwiya. Anati ine ndinabwera ndi malamulo anga, kuwadulira anthu mafoni zaka zitatu, lero lamulo lomwelo likufuna kutipulumutsa ndiye ndikulikana? Ankanena zoona. Anapita kukagulitsa, ine n'kutsala m'kachipinda ka mathireyi. Patapita nthawi anabwerera, n'kuima pakhomo.

“Mnyamata uja ali ndi ana angati?”

Ndinati ake awiri, a malemu atatu. Anapukusa mutu, n'kunena kuti ndichite chimene ndaganiza, koma ndisayembekezere kuti andithokoza.

Lachisanu ndinaimbira Esnati n'kumuuza kuti kalata ndilibe. Anandifunsa kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati ndikunena kuti ine, Mbewe, ndinawerenga uthenga wa maliro popanda kalata. Ndinati alembe choncho. Ndinamva akupuma. Ankadziwa kuti ndikunama, ndipo ankadziwa kuti ine ndikudziwa kuti akudziwa, koma sanandikakamize.

“Ndiye mukudziwa chimene ndilembe, abwana.”

Ndinati ndikudziwa, ndipo asasiye kanthu.

Kalata yotseka pulogalamu inafika patatha milungu iwiri. Wailesi ya a Kamwendo inapulumuka ndi chenjezo, koma ola la ku Joni linachotsedwa, ndipo dzina langa linalembedwa kuti lisadzavomerezedwenso pa chilolezo chilichonse. Za mmene akuluakulu a mpingo wa anthu akwathu kuno anayendetsera mapepala a mtembo si nkhani yanga, ndipo sindinafunse. Lamulungu lotsatira anthu anabwerabe ku shopu atatchena, ena ochokera kutali, ndipo ndinaima pakhomo kuwabweza mmodzimmodzi. Mayi wina anandifunsa kuti nanga amayi ake akhala pafupi ndi wailesi kudikira, awauze chiyani? Che Jafali anakhala miyezi iwiri akundipatsa moni wa pakamwa pokha. Tsopano timacheza, koma nkhani ija sitiikhudza. Limbani amabwera pa Khirisimasi ndi mbewu za maluwa za amayi anu, ndipo akandiona amavula chipewa, ine n'kumachita manyazi.

Kalata ya chipatala ija ndinaiwotcha pa sitovu, amayi anu atatsegula mawindo. Koma kalata ya ku ofesi ndinaisunga, mudzaipeza mu sutikesi yakuda. Inatchula lamulo limene ndinaphwanya, ndime zitatu zija, mawu ake osasinthidwa ngakhale limodzi kuchokera tsiku limene ndinawalemba. Kumbuyo kwake anamatako zonse zimene ndinalankhula Lachiwiri lija, zolembedwa ndi Esnati. Ndinatenga cholembera chofiira, monga kale, n'kuwerenga mzere ndi mzere kufuna pomubwezera. Analemba pamene ndinatsokomola, analemba pamene pepala linagwa. Pamene Limbani anati “Amayi, ndine,” analemba mawuwo, pansi pake n'kuwonjezera kuti panadutsa masekondi khumi ndi anayi opanda mawu, munthu akulira. Sindinapeze cholakwa chilichonse, ndipo cholemberacho ndinachibwezera m'thumba.